Cymbidium wa panja: mafunso ndi mayankho pa kusintha mphika ndi kasamalidwe

Nyengo yozizira ikafika pachimake, maluwa ambiri atafota, m'makhonde a ku Cape Town, Johannesburg, Harare, Sydney ndi Melbourne mumatulukira duwa lina limene limaimitsa alendo pakhomo. Masamba ake ndi aatali, opyapyala, ogwera m'mbali, ndipo pakati pawo pamatuluka phesi lonyamula maluwa 10, 15, ngakhale 20: obiriwira, achikasu, oyera, apinki kapena ofiirira. Dzina lake ndi cymbidium. Amalawi ambiri ogwira ntchito ya m'galadeni ku Joni analinyamulapo, kulithirira ndi kulisuntha, ndipo ndi iwo amene amafunsidwa ndi abwana chaka chimene mphika wakana kuchita maluwa. Komatu mlandu kawirikawiri umayambira pa malo amene mphikawo waikidwa ndi pa zimene zili m'kati mwake.

Kodi cymbidium ndi duwa lanji, nanga kwawo ndi kuti?

Ndi duwa la m'banja lalikulu la ma orchid. Mitundu yake yachilengedwe ndi yoposa 50, ndipo imapezeka kuyambira ku India, kudutsa China ndi Japan, mpaka ku Australia. Katswiri wa zomera wa ku Sweden, Olof Swartz, ndiye analilemba m'mabuku a sayansi mu 1799, koma anthu a ku China anali atayamba kalekale kulibzala m'miphika ndi kulijambula. Ku Bhutan maluwa a mtundu wina, Cymbidium hookerianum, amaphikidwa ndiwo.

Ma cymbidium a maluwa akuluakulu amene amagulitsidwa masiku ano makolo awo ndi a m'nkhalango za m'mapiri a Himalaya, Myanmar, Thailand ndi Vietnam. Kumeneko amamera m'mphanda za mitengo, pa zitsa zowola ndi pa matanthwe okutidwa ndi masamba ogwa. Mvula imagwa yambiri koma siikhalitsa pa mizu, masana kumawala, usiku kumazizira. Mu 1889 nazale ya Veitch ku England inaonetsa duwa loyamba lochokera pokwatitsa mitundu iwiri. Kenaka mlimi wina wa maluwa, H. G. Alexander, anatulutsa Cymbidium Alexanderi 'Westonbirt', limene linalandira ulemu waukulu ku Royal Horticultural Society mu 1922 n'kukhala kholo la maluwa ochuluka zedi amene ali m'miphika lero. Zidzukulu zonsezi zimafunabe zimene makolo awo anazolowera kumapiri.

Patsinde pa chomerachi pali mitu yotupa, yolimba, pamene masamba amatulukira. Mituyi ndi nkhokwe ya chomera: imasunga madzi ndi chakudya, ndipo mphukira iliyonse yatsopano imadya za mutu umene unaitsogolera. Amene wamvetsa zimenezi savutika ndi nkhani yonse ya kugawa.

N'chifukwa chiyani mphika wodzaza masamba obiriwira bwino umatha chaka osachita maluwa?

Funso ili ndilo limamveka kwambiri, ndipo yankho lake limadabwitsa ambiri: masamba obiriwira kwambiri, obiriwira moderako, ndi chizindikiro chakuti chomeracho chili pamthunzi wochuluka. Cymbidium wokhuta kuwala amakhala ndi masamba obiriwira motuwira kuchikasu, oima molimba. Anthu amamva kuti ndi orchid n'kuganiza kuti ndi kanthu kosakhwima, ndiye amakabisa kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mapeyala kumene dzuwa silifika. Kumeneko chimakula ndithu, koma maluwa ayi.

Malo abwino ndi amene amalandira dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 10 kapena 11 koloko, kenaka mthunzi wopyapyala masana. Pansi pa mtengo wa masamba ang'onoang'ono, monga jakaranda, ndi pabwino. Alimi ogulitsa amagwiritsa ntchito neti yochepetsa dzuwa ndi theka. Dzuwa la masana la Okutobala likawomba masamba mwachindunji limasiya zipsera zakuda zimene sizichira.

Chachiwiri ndi kuzizira kwa usiku. Phesi la maluwa limayamba kupangika m'kati mwa chomera miyezi ingapo lisanaoneke, chakumapeto kwa nyengo yotentha, ndipo kuti liyambe pamafunika usiku wotsikira pa madigiri 10 mpaka 15. N'chifukwa chake duwali limakondwa panja kuposa pabalaza. Mphika wosungidwa m'nyumba chaka chonse sumva kusiyana kwa usana ndi usiku, ndipo umangobala masamba.

Chachitatu ndi mizu yowola, ndipo apa ndi pamene nkhani ya mphika imalowera.

Mwini duwa angadziwe bwanji kuti nthawi yosintha mphika yakwana?

Cymbidium amakonda kupanikizika pang'ono, choncho kumusuntha chaka ndi chaka n'kumusokoneza. Pakapita zaka 2 kapena 3 m'pamene zizindikiro zimaoneka. Mitu yatsopano imagunda m'mphepete mwa mphika, pena kulendewera kunja. Mphika wa pulasitiki umatupa kapena kung'aluka. Mizu imakankhira chomera m'mwamba. Pakati pamadzaza mitu yakale yopanda masamba.

Chizindikiro chofunika koposa chili m'kati. Makungwa amene chomera chinabzalidwamo amawola pang'onopang'ono n'kusanduka matope akuda. Munthu akapisa chala n'kumva zofewa, zonata, zonunkha chinyontho chowawasa, kapena akathira madzi n'kuona akudikha pamwamba m'malo motuluka pansi, ndiye kuti mizu ikubanika. Chomera chotere sichidikira kuti mphika udzaze.

Ntchitoyi igwiridwe mwezi uti?

Maluwa akangotha, mphukira zatsopano zikamayamba, kutentha kwakukulu kusanafike. Kum'mwera kwa Africa ndi ku Australia nthawiyi imagwa pakati pa Sepitembala ndi Novembala. Apa chomera chimakhala chikutulutsa mizu yatsopano, ndiye mabala amapola msanga ndipo chimakhala ndi nyengo yonse yokulira patsogolo pake. Wosintha mphika mu Malichi kapena Epulo amathyola mapesi amene akungotuluka kumene, ndipo maluwa a chakacho amathera pomwepo.

Ku Britain miyezi imatembenuka. Kumeneko kusintha mphika kumachitika cha mu Malichi mpaka Meyi, ndipo chomera chimakhala panja kuyambira Juni mpaka Sepitembala basi, kenaka n'kulowetsedwa pamalo ozizira koma owala chisanu chisanayambe.

Kodi dothi la kudimba losakaniza ndi manyowa silingachite?

Silingachite, ndipo ma cymbidium ambiri amafera apa. Mizu yake ndi yonenepa, yokutidwa ndi khungu loyera lofewa limene limamwa madzi mwachangu koma limafuna mpweya. Dothi la kudimba limamatana mumphika, limasunga madzi masiku angapo, ndipo mizu imawolera m'menemo masamba akuoneka bwinobwino pamwamba. Pamene mitu iyamba kukwinyika, pansi pamakhala patatha kale. Mwini wake akaona kukwinyikako amaganiza kuti ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi.

Chimene alimi ambiri amadalira ndi makungwa a paini odulidwa timagawo ta sentimita 1 mpaka 2, amene anasiyidwa kwa miyezi ingapo utomoni wake n'kutha. Ena amasakanizamo perlite, timiyala kapena timakala tating'ono kuti madzi azidutsa mosavuta. Ku South Africa makungwa otere amagulitsidwa m'matumba m'manazale. Kumene kuli nkhalango za paini, monga ku Chikangawa, ku Dedza ndi paphiri la Zomba, makungwa sasowa, bola asefedwe kuti fumbi lichoke ndipo anyikidwe m'madzi usiku wonse asanagwiritsidwe ntchito. Utuchi wa pamacheka ndi wosayenera: umamatana ngakhale kuposa dothi.

Mphika ukhale wozama, chifukwa mizu ya duwali imalowa pansi, ndipo ukhale ndi mabowo ambiri. Kukula kwake kungoposa chomera ndi masentimita 5 mbali imene chikukulira, malo okwana zaka ziwiri. Mphika waukulu kwambiri umaoneka ngati kukoma mtima, koma makungwa amene mizu siinawafike amakhala onyowa nthawi yaitali n'kuyamba kuwola.

Nanga ntchito yeniyeniyo imayenda bwanji?

Wodziwa ntchito amathirira chomera dzulo lake kuti mizu ifewe. M'mawa kusanatenthe amagoneka mphika chammbali pamthunzi, n'kuugogoda mozungulira. Ukakana, amaudula ndi mpeni ngati ndi wa pulasitiki, kapena kuuswa ngati ndi wadothi. Mphika amagula wina, koma mphukira yothyoka pokoka ndi maluwa a chaka chamawa otayika.

Chimene chimatuluka chimaopsa amene akuchiona koyamba: chimtolo cha mizu cholimba gwa, chozungulira molingana ndi mphika, makungwa osaonekanso. Apa sipafunika mantha. Mpeni wakuthwa umadutsa chopingasa n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a pansi. Kenaka zala zimalowa pakati, kumasula mizu ndi kugwetsa makungwa akale. Muzu wamoyo ndi woyera kapena wachikasu pang'ono, wolimba ukaufinya, ndipo nsonga yake imawala. Muzu wakufa ndi wofiirira, ndipo ukaufinya umaphwafuka, khungu n'kuvuuka, kutsala kaulusi kokha pakati. Yonse yotere imadulidwa. Makoko ouma okuta mitu yakale amasendedwanso, chifukwa m'menemo ndi mobisalamo tizilombo toyamwa timene timamatirira pa chomera.

Pobzala, mbali ya mitu yakale imatsamira khoma la mphika, ndipo mphukira zimayang'ana kumene kuli malo. Makungwa amathiridwa pang'onopang'ono uku mphika ukugwedezedwa kuti alowe pakati pa mizu, kenaka n'kutsindira ndi zala mpaka chomera chitaima chosagwedera. Mutu ukwiririke gawo limodzi mwa magawo atatu okha. Ukamira kwambiri umawola, ukayandama mizu yatsopano imauma isanafike m'makungwa.

Pomaliza ndi kachikwangwani ka dzina la duwa ndi mwezi wake. Ambiri amakanyozera, koma miphika ikachuluka, maluwa atatha, yonse imafanana.

Kwa milungu 3 kapena 4 chomera chimakhala pamthunzi, chikuthiriridwa pang'ono chabe, popanda feteleza, mpaka nsonga za mizu yatsopano zitaoneka.

Kodi chomera chachikulu chigawidwe? Nanga mitu yakale itayidwe?

Kugawa si lamulo. Chomera chathanzi chikhoza kungokwezedwa mumphika wokulirapo, ndipo chikatero chimatha kutulutsa mapesi asanu kapena kuposa nthawi imodzi, chinthu chokongola kuchiona. Kugawa kumafunika pamene pakati pafa, kapena mphika walemera moti sunyamulika.

Vuto limabwera ndi umbombo. Munthu amaona mitu 12 n'kuwerenga miphika 12. Mutu umodzi paokha umapulumuka, koma umatha zaka ukusonkhanitsa mphamvu. Gawo lililonse likhale ndi mitu yamasamba 3 kapena 4, ndi mutu wakale umodzi kumbuyo kwake wothandiza kudyetsa. Pogawa, munthu amagwira mbali ziwiri n'kupotokola pang'ono, ndipo chomera chimasonyeza chokha pamene chikufuna kupatukira. Pamene palimba, mpeni umathandiza. Pabala ena amawazapo ufa wa sulufule kuti pasalowe chuku.

Mitu yakale yopanda masamba, ikakhala yolimba, ili ndi moyo. Imasendedwa, mizu yake yakufa n'kudulidwa, kenaka imaimikidwa mu makungwa aang'onoang'ono onyowa pang'ono, pamthunzi. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu yambiri imatulutsa kamphukira m'mbali. Umu ndi mmene wantchito wa m'galadeni amapezera duwa lakelake kuchokera pa zimene zikanapita kudzala, atapempha kwa eni ake. Mutu wofewa kapena wonunkha ndi wotaya.

N'chifukwa chiyani akatswiri amaumirira kuti mpeni uwotchedwe?

Chifukwa cha mavayirasi, makamaka awiri: Cymbidium mosaic virus ndi Odontoglossum ringspot virus. Amayenda ndi madzi a m'chomera, ndipo mpeni umene wadula chodwala n'kudulanso chathanzi ndiye galimoto yawo. Manja ndi miphika yakale yosatsuka zimachitanso chimodzimodzi. Chomera chodwala chimakhala ndi timizere ndi mawanga achikasu pa masamba aang'ono, amene pambuyo pake amada, ndipo maluwa amatuluka ndi mtundu wosokonekera. Mankhwala ake kulibe. Chodwala chimawotchedwa pamodzi ndi makungwa ake.

Matendawa anavutitsa alimi kwambiri moti mu 1960 katswiri wa ku France, Georges Morel, pofuna kupeza mbewu yopanda vayirasi, anadula kansonga kakang'ono ka mphukira ya cymbidium n'kukamereza m'botolo. Anapeza kuti kansongako kamachulukana, ndipo njira imeneyi ndiyo inachititsa kuti duwa limodzi labwino lizibala masauzande ofanana nalo, mtengo wake n'kutsika kufika poti munthu wamba angagule.

Pakhomo chitetezo chake n'chotchipa. Mpeni udutse pamoto mpaka utatentha, kapena unyikidwe mu Jik wosungunula kwa mphindi zingapo, chomera chilichonse chisanadulidwe. M'manja musambidwe ndi sopo.

Madzi ndi feteleza zimafunika zochuluka bwanji?

Duwali limamwa kwambiri m'nyengo yokula. Kukatentha, kuthirira kawiri kapena katatu pa mlungu n'koyenera, ndipo madzi athiridwe mpaka atuluke pansi. M'nyengo yozizira kamodzi pa mlungu kamakwana. Chala ndicho chimaweruza: makungwa akhale a chinyontho, osati onyowa chonchoncho, osatinso ouma gwa. Mbale yodikha madzi pansi pa mphika ichotsedwe. Mphika ukhale pa njerwa kapena pa thandala, kuti madzi atuluke bwino ndiponso kuti chiswe ndi nyongolotsi zisalowe m'makungwa.

Nsonga za masamba zikamada, nthawi zambiri ndi mchere wochokera m'madzi a pamjigo kapena mu feteleza. Madzi a mvula ndiwo abwino, ndipo kamodzi pamwezi mphika utsukuluzidwe ndi madzi ambiri opanda kanthu. Kumene mvula imagwa mlungu wathunthu osakata, monga ku Cape Town m'nyengo yozizira, miphika isunthidwire pansi pa denga lowala.

Pa feteleza, cymbidium amadya kuposa ma orchid ambiri, koma amadya pang'onopang'ono. Wosungunula m'madzi, theka la muyeso wolembedwa pa paketi, milungu iwiri iliyonse, ndi wokwana. Kuyambira Sepitembala mpaka Disembala pamafunika wa nayitirojeni wambiri kuti mitu ikule. Kuyambira Januwale alimi ambiri amasinthira ku wa potaziyamu wambiri, nayitirojeni wochepa, kuti chomera chilunjike ku maluwa. Dzanja la yureya wa chimanga lothiridwa patsinde limawotcha mizu m'masiku ochepa.

Phesi la maluwa likatuluka, chimaliopseza n'chiyani?

Limatulukira patsinde pa mutu, cha mu Malichi mpaka Meyi, ndipo poyamba limafanana ndi mphukira ya masamba. Kusiyana kwake n'kwakuti phesi ndi lobulungira, lonenepa kunsonga, pamene mphukira ndi yaphwatalala. Likafika masentimita 20 kapena 30 limafuna kamtengo kolichirikiza, komangidwa momasuka. Kuyambira pamenepo mphika usamatembenuzidwe, chifukwa phesi limatsata kuwala ndipo limapindika.

Mdani wamkulu ndi nkhono. Usiku umodzi wokha zimatha kuboola maluwa onse asanamasule, ndipo kuzisaka ndi tochi madzulo kumathandiza kuposa kudandaula m'mawa. Nsabwe za zomera zimaunjikana pa maluwa aang'ono, ndipo nyerere zikamakwera phesi ndi chizindikiro choti mwini duwa ayang'anitsitse. M'nyengo youma kunsi kwa masamba kumagwidwa ndi akangaude ofiira, tizilombo tosaoneka bwino ndi maso timene timasiya tsamba lotuwa mbuu. Kutsuka masamba kunsi ndi madzi kawirikawiri kumawachepetsa.

Chomera chenicheni chimapirira kuzizira kofika pafupi ndi madigiri 0 kwa maola ochepa, koma maluwa sapirira. Ku Johannesburg, kumene chisanu chimagwa mu Juni ndi Julayi, miphika imakokeredwa pakhonde kapena pansi pa mtengo. Matalala a m'dzinja la kumeneko amang'amba masamba, ndipo neti imateteza.

Maluwa akamasula amakhala milungu 6 mpaka 8. Mphika ukhoza kulowa m'nyumba pamalo ozizira kuti anthu ausirire. Kudula phesi maluwa omaliza atangomasula n'kuliika m'madzi kumapepuza chomera, ndipo m'botolomo limakhalabe milungu ingapo.

Kodi ku Malawi duwali lingachite bwino?

Kumapiri lingachite. Malo okwera monga Dedza, phiri la Zomba, Mzuzu ndi mbali zina za Thyolo ndi Mulanje ali ndi usiku wozizira umene duwali limafuna. Ku Mangochi, Salima, Chikwawa ndi Nsanje mitundu ya maluwa akuluakulu ikhoza kukhala ndi moyo pamthunzi, koma maluwa ndi okayikitsa. Kumalo otentha n'kwabwino kufunafuna mitundu yochokera ku Cymbidium ensifolium, monga Golden Elf, imene imachita maluwa popanda kuzizira kwenikweni. Wofuna kubwera ndi chomera kuchokera ku Joni adziwe kuti zomera zamoyo siziwoloka malire popanda zikalata za a zaulimi.

Dziko lino lili ndi ma orchid akeake. Paphiri la Nyika pokha pali mitundu yoposa 200, ndipo chikanda chimene chimadyedwa ku Zambia ndi kumpoto kwa Malawi chimapangidwa ndi timizu ta ena mwa iwo. M'mitengo ya m'madera otentha mumamera Ansellia africana, wa maluwa achikasu a mawangamawanga, amene ndi wachibale wa cymbidium. Awa ndi a kutchire, akucheperachepera chifukwa chozulidwa, ndipo wofuna duwa la pakhonde agule lomeretsedwa kunazale.

Zonsezi zikachitika, maluwa amabwera liti?

Chomera chimene changokwezedwa mumphika wokulirapo, mizu yake osasokonezedwa kwambiri, chimachita maluwa nyengo yozizira yotsatira. Chogawidwa, makamaka chimene chinadulidwa mizu yambiri, nthawi zina chimadumpha chaka chimodzi, ndipo zimenezi si matenda. Mwini wake asachisunthenso, asawonjezere feteleza, angoyang'ana ngati mitu yatsopano ikukula kufanana ndi yakale kapena kuiposa. Mutu wakale womeretsedwa paokha umatenga zaka 3 kapena 4 kuti utulutse phesi loyamba.